Young Chimodzi: wotseka kumbuyo amene adasenza Flames pabwalo ndi pabenchi

Mukafunsa anyamata amene amathamangitsa chikopa pamabwalo a sukulu ku Chiwamba, Nsaru, Kabudula ngakhale ku Nambuma kuti akufuna adzafanane ndi yani akadzakula, ambiri atchula omwetsa zigoli. Wina ati Gabadinho Mhango, wina atchula katswiri wa ku England yemwe amamuonera m'nyumba zoonetsa kanema pamsika. Atsikana nawo ati Tabitha kapena Temwa Chawinga. N'chapatali kumva mwana akunena kuti akufuna kudzatseka kumbuyo.

Komatu mbiri ya mpira wamiyendo m'dziko muno ikunena zina. Munthu amene adavala yunifolomu ya Flames kambiri kuposa wina aliyense sadali womwetsa zigoli ayi. Ndi Young Chimodzi, wotseka kumbuyo wa timu ya Silver Strikers ya mumzinda wa Lilongwe, yemwe adasewerera timu ya dziko lino masewero 159 kuchokera mu 1979 kufika mu 1995.

Womutsatira pamndandandawo ndi mnzake amene ankatseka naye limodzi, malemu Jack Chamangwana, yemwe adasewera masewero 133. Awiriwa atapachika nsapato adakhalanso aphunzitsi a timu yomweyo, ndipo adalawa zokoma ndi zowawa zomwe za mpandowo.

Adalowa m'timu ya akatswiri

Chimodzi adabadwa pa 1 August 1961. Pomwe ankaitanidwa koyamba ku Flames mu 1979 n'kuti asadakwanitse zaka 20, ndipo timu yomwe ankalowayo sidali yamasewera.

Chaka cha 1978 Malawi idali itangotenga kumene chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa, chomwe ambiri amachidziwa kuti Cecafa, itagonjetsa Zambia 3-2 m'ndime yotsiriza pakhomo pompano. Mu 1979 idakachiteteza chikhocho ku Kenya pokwapula eni bwalo ndi zigoli 3-2. Mphunzitsi adali Ted Powell wa ku England, kutsogolo kudali Kinnah Phiri yemwe adamwetsera Flames zigoli 71, pomwe kumbuyo kudali Chamangwana wa Wanderers, yemwe ochemerera adamupatsa dzina loti Africa.

Kupeza malo m'timu yotere sikudali kophweka, makamaka kwa mnyamata wochokera kutimu yatsopano. Silver Strikers, yomwe mwini wake ndi banki yaikulu ya Reserve, idakhazikitsidwa mu 1977, pomwe mpira wa dziko lino unkalamulidwa ndi matimu awiri a ku Blantyre, Bullets ndi Wanderers. Kwa anthu a m'boma la Lilongwe, kumva dzina la wosewera wa Silver likutchulidwa pakati pa akuluakulu amenewo chidali chinthu chonyaditsa.

Masiku amenewo kudalibe wailesi yakanema, poti ya dziko lino idayamba mu 1999. Mlimi wa fodya wa ku Chiwamba kapena ku Mpingu ankawadziwa osewerawa kudzera pawailesi ya MBC basi. Banja likakhala ndi wailesi ndi mabatire amphamvu, tsiku la mpira pakhomo pankadzaza ngati pali chinkhoswe. Ambiri mwa anthu amene ankamutama Chimodzi sadamuonepo nkhope yake, koma ankadziwa kuti muulutsi akatchula dzina lake ndiye kuti ngozi yomwe imabwera kugolo yapatuka.

Ulendo woyamba wa ku Afcon

Mu 1984 Flames idapita koyamba kundime yotsiriza ya mpikisano wa maiko a mu Africa, womwe udachitikira ku Ivory Coast. Chamangwana ndi Chimodzi adali m'gulu lomwe lidakasewera mumzinda wa Bouaké.

Zinthu sizidayende monga ankafunira. Algeria idawathira zigoli 3 kwa duu pamasewero oyamba. Pokumana ndi Nigeria, Malawi idatsogola 2-0 kudzera mwa Harry Waya ndi Clifton Msiya, koma chigawo choyamba chisadathe Nigeria idali itabweza zonse ziwiri, masewero n'kuthera 2-2. Ghana nayo idapambana 1-0 ndipo anyamatawo adabwerako ndi pointi imodzi.

Masewero a Nigeria aja ndi phunziro lomwe wotseka kumbuyo aliyense amalidziwa. Womwetsa zigoli akhoza kuphonya kasanu, akachinya kamodzi anthu amunyamula pamapewa. Wotseka kumbuyo akhoza kutchinga bwinobwino kwa mphindi 85, koma akangophethira kwa mphindi zochepa, anthu amakumbukira mphindi zochepazo.

Chamangwana adasiya kusewerera Flames mu 1985 ndipo chaka chotsatira adapita ku Kaizer Chiefs ya ku South Africa, komwe adamutcha kuti Black Stone. Udindo wotsogolera anzake udatsala m'manja mwa Chimodzi.

Mendulo ya ku Nairobi ndi chikho cha 1988

Zaka ziwiri zotsatizana, 1987 ndi 1988, ndizo zidakhala pachimake pa ntchito ya Chimodzi ngati wosewera komanso kaputeni. Mphunzitsi panthawiyo adali Mmalawi, Reuben Malola.

Pampikisano wa All Africa Games wa mu 1987 mumzinda wa Nairobi, Flames idafika m'ndime ya matimu anayi, momwe idatuluka pamapenate m'manja mwa eni bwalo, Kenya. Polimbirana malo achitatu idathambitsa Cameroon 3-1 n'kubwera ndi mendulo. Kuti mumvetse kukula kwa chipambanochi, kumbukirani kuti dziko la Cameroon lomwelo lidatenga chikho cha Africa mu 1988, ndipo mu 1990 lidafika m'ndime ya matimu asanu ndi atatu pa World Cup ku Italy.

Mu 1988 mpikisano wa Cecafa udabwereranso ku Malawi. M'ndime yotsiriza Flames idakumananso ndi Zambia, monga zidalili zaka 10 m'mbuyomo, ndipo idapambana 3-1 nthawi yoonjezera itaseweredwa. Aka kadali kachitatu komanso komaliza Malawi kutenga chikhochi.

Chimodzi adapitiriza kusewera kufikira mu 1995. M'zaka zomalizazo, mu 1993, Silver Strikers idatenga ligi yaikulu ya dziko lino. Pa zaka 16 zomwe adatumikira Flames adamwetsa zigoli 13, chiwerengero chomwe womwetsa zigoli wabwino amachipeza m'chaka chimodzi cha ligi. Koma aphunzitsi osiyanasiyana, azungu ndi Amalawi omwe, ankabwera n'kupita, dzina lake likulembedwabe papepala la oyamba masewero.

Ntchito yosawerengeka ndi zigoli

Kodi wotseka kumbuyo amachita chiyani kwenikweni? Pamabwalo ambiri a kumudzi yankho limakhala loti amamenya mpira kutali. Ochemerera amakuwa kuti "chotsa!" ndipo mpira ukagwera m'munda wa chimanga kuseri kwa bwalo, manja amawombedwa.

Ntchito yeniyeni ndi yoposa pamenepo. Wotseka pakati ndiye amaona bwalo lonse chifukwa anzake onse, kupatula goloboyi, amakhala kutsogolo kwake. Iye ndiye amauza anzake nthawi yokwera ndi nthawi yobwerera, amaonetsetsa kuti mzere wakumbuyo uli wowongoka pofuna kukola mdani mumsampha wa ofusayidi, komanso amatseka mpata womwe mnzake wasiya akathamangira kutsogolo. Amayenera kudziwa komwe mpira ukupita usadamenyedwe. Wotseka wabwino sagwagwa pansi, chifukwa amafika pamalo mdani asadafike.

M'nthawi ya Chimodzi matimu ambiri ankaseweretsa otseka pakati awiri mosiyana ntchito. Mmodzi ankakakamira womwetsa zigoli wa adani ngati nkhupakupa, winayo ankatsalira pang'ono kumbuyo kuti azisesa chilichonse chodutsa. Awiriwa akapanda kumvana, timu yonse imabalalika. Mutu umodzi susenza denga.

Lamulo lidasinthanso iye akusewerabe. Kufikira mu 1992, wotseka kumbuyo akapanikizika ankangobwezera mpira kwa goloboyi, yemwe ankaugwira ndi manja. Chaka chimenecho lamulo latsopano lidaletsa goloboyi kugwira mpira womwe mnzake wamupatsira dala ndi phazi. Kuyambira pomwepo aliyense wakumbuyo adayenera kudziwa kusunga mpira kuphazi ndi kupatsira molondola ali pampanipani.

Nkhani ya anthu ogwira ntchito yosaoneka si ya mpira wathu wokha. Ku America kuli masewero ena omwe eni ake amawatchanso mpira, ngakhale mpira wake ndi wooneka ngati dzira ndipo nthawi zambiri umanyamulidwa m'manja. Timu ikamapita kukachinya imaika patsogolo zimphona zisanu, zambiri zolemera makilogalamu oposa 130, zomwe ntchito yake n'kukankhana ndi adani pofuna kuteteza woponya mpira ndi kutsegulira njira wothamanga nawo. Ena mwa iwo amatha chaka chathunthu osaukhudza mpirawo.

Mmodzi mwa zimphona zotere adali Art Shell, yemwe adasewerera timu ya Raiders kuchokera mu 1968 kufika mu 1982 n'kutenga nayo chikho chachikulu cha Super Bowl kawiri. Mu 1989 timu yomweyo idamupatsa udindo wa mphunzitsi wamkulu, ndipo adakhala munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindowu m'ligi ya NFL patadutsa zaka zoposa 60. Uko ndi kuno komwe, amene adazolowera kuteteza anzake ndi kuwerenga maganizo a mdani savutika kusanduka mphunzitsi.

Kuchoka pabwalo kupita pabenchi

Chamangwana ndiye adayamba kuyenda njirayi. Kaizer Chiefs idamupatsa timu kuti aiphunzitse mu 1988 komanso mu 1989, chaka chomwe timuyo idatenga ligi ya ku South Africa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adaphunzitsa Flames, ndipo atachoka, amene adalowa m'malo mwake kwa kanthawi adali Chimodzi. Patsogolo pake Chamangwana adakaphunzitsanso timu ya Young Africans ku Tanzania, pomwe Chimodzi adaphunzitsa timu yomwe idamulera, Silver Strikers.

Awiriwa adadzakumananso ku Flames pansi pa mnzawo wakale Kinnah Phiri, yemwe adatenga timuyo mu 2008. Chimodzi adali wachiwiri kwa Kinnah, Chamangwana ali mkulu woona zaluso kubungwe loyendetsa mpira wamiyendo la FAM. Atatuwa ndiwo adabwezera Malawi ku Afcon patatha zaka 26.

Pa 11 January 2010, mumzinda wa Luanda ku Angola, Flames idakumana ndi Algeria, dziko lomwe lidawachinya 3-0 mu 1984 komanso lomwe linkakonzekera kupita ku World Cup chaka chomwecho. Ulendo uno zigoli zidatembenuka. Malawi idapambana 3-0, ndipo omwetsa adali Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Kafoteka adali wotseka kumbuyo, chimodzimodzinso kaputeni wa timuyo, Peter Mponda. Ngakhale Flames idagonja kwa Angola ndi Mali pamasewero otsatira, tsiku limenelo anthu adavina m'misika ya dziko lonse.

Koma chikondi cha ochemerera mpira sichikhalitsa. Kumayambiriro kwa 2013, Flames italephera kupita ku Afcon kawiri motsatizana, Kinnah, Chimodzi ndi Chamangwana adaonetsedwa msana wa njira onse pamodzi.

Mpando woyaka moto

Sipadapite nthawi yaitali akuluakulu a mpira asadabwererenso kwa anthu omwewo. Mu 2014 Chimodzi adasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa Flames, Chamangwana n'kukhala wachiwiri wake. Yemwe adali mnyamata watsopano m'timu mu 1979 tsopano adali bwana wa kaputeni wake wakale.

Ntchito yawo idali yopititsa timu ku Afcon ya 2015, ndipo njira yake idali yaminga. M'ndime yachipulula adatulutsa Chad kaamba ka chigoli chomwe adachinya koyenda, kenaka adatulutsa Benin pamapenate. M'gulu adakumana ndi Algeria, Mali ndi Ethiopia. Adagonjetsa Ethiopia 3-2 komanso Mali 2-0 pabwalo la Kamuzu, koma adathera pachitatu ndi mapointi 7, kutsalira Mali ndi mapointi awiri okha. Mu May 2015 adatenga mbale ya Cosafa, yomwe amalimbirana matimu otuluka m'ndime ya matimu asanu ndi atatu, atagonjetsa Zambia 1-0 ku South Africa.

Patangotha milungu iwiri zonsezi zidaiwalika. Pa 13 June 2015 Zimbabwe idabwera ku Blantyre kudzayamba mpikisano wolimbirana malo ku Afcon ya 2017. Alendowo adali pamkangano ndi akuluakulu awo pankhani ya ndalama moti adayenda pabasi usiku n'kufika tsiku la masewero lomwelo. Aliyense ankati nyama yagwa yokha. Koma Zimbabwe idapambana 2-1 pabwalo la Kamuzu, ndipo masiku ochepa otsatira Chimodzi adachoka pampandowo. Adalowa m'malo mwake ndi Ernest Mtawali.

Mphunzitsi wa Zimbabwe tsiku limenelo adali Kalisto Pasuwa, yemwe pambuyo pake adadzatenga ligi kangapo ndi Bullets, ndipo mu 2025 adapatsidwa udindo wophunzitsa Flames yomweyo.

Zomwe zidamuchitikira Chimodzi pabenchi sizikusiyana ndi zomwe ankakumana nazo pabwalo. Timu ikapambana, ulemu umapita kwa womwetsa chigoli. Ikagonja, zala zonse zimaloza mphunzitsi, ngakhale vuto litakhala kuchepa kwa ndalama zokonzekera, mabwalo oipa kapena kusowa kwa maphunziro a mpira kwa ana.

Chamangwana adabwerera kwawo ku Wanderers ngati mkulu woona zaluso, ndipo adali pomwepo pomwe timuyo idatenga ligi mu 2017. Adamwalira pa 6 May 2018 kuchipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre ali ndi zaka 61.

Mzere sudaduke

Njira yomwe awiriwa adalambula yadutsamo ena ambiri. Patrick Mabedi, wotseka kumbuyo yemwe adali kaputeni wa Kaizer Chiefs pomwe inkatenga ligi mu 2004 ndi 2005, adaphunzitsa Flames mu 2023 ndi 2024. Meke Mwase, yemwenso ankasewera kumbuyo, ndiye adapititsa Flames ku Afcon kachitatu itagonjetsa Uganda 1-0 mu March 2021. Kumpikisanowo, womwe udachitikira ku Cameroon mu January 2022, Malawi idadutsa m'gulu koyamba m'mbiri yake isadagonje 2-1 kwa Morocco.

Peter Mponda, kaputeni wa ku Angola uja, adatenga ligi ndi Silver Strikers mu 2024, timuyo itakhala zaka 11 osalawa ukatswiriwu. Chikho chidabwerera ku Area 47 kudzera mwa wotseka kumbuyo wina.

Izi sizikutanthauza kuti omwetsa zigoli sangaphunzitse, poti Kinnah Phiri ndi umboni wokwanira. Koma mndandanda wa aphunzitsi a Chimalawi amene adafika patali ukuonetsa kuti ambiri adachokera kumbuyo kapena pakati, malo omwe munthu amaphunzira kulankhula, kukonza anzake ndi kupirira kunyozedwa.

Phunziro kumabwalo a kumudzi

Kumadera monga Chiwamba, Namitete ndi Nsaru mpira umafika pachimake anthu akakolola. Ndiyo nyengo ya mabonanza, pomwe andale ndi amalonda amaika mbuzi, mipira, yunifolomu kapena ndalama kuti matimu a m'midzi alimbirane. Mabwalo amadzaza, amayi amagulitsa mandasi ndi nzimbe, ndipo mnyamata amene wamwetsa chigoli chopambanitsa amafupidwa ndalama pomwepo.

Pamabwalo amenewa, kuyambira pa mpira wachikulunga wa ana, kasankhidwe ka malo n'kodziwika. Mwini mpira ndi anzake othamanga amasewera kutsogolo. Wamng'ono amamuika pagolo, wojintcha kapena wochedwa amamuuza kuti atsalire kumbuyo. Mwana amakula akudziwa kuti kumbuyo n'kwa otsalira, ndipo makolo ena akamva kuti mwana wawo amatseka kumbuyo amaona ngati alibe luso.

Zotsatira zake zimaoneka matimu a kumudzi akakumana ndi a m'tauni m'zikho zomwe zimayambira m'maboma. Kawirikawiri anyamata a kumudzi sachepa mphamvu kapena liwiro. Chimawagwetsa n'kusamvana kumbuyo: onse kuthamangira mpira umodzi, kusiya mdani ali yekha pakona, kapena kuchita chifaulo mosafunikira m'bokosi. Izi si nkhani za nsapato zodula kapena bwalo la kapinga. Zimaphunzitsika pabwalo lafumbi, bola pakhale munthu wodziwa.

Apa mpomwe pali kusowa kwakukulu. Matimu ambiri a m'midzi amaphunzitsidwa ndi munthu wongodzipereka, mwina mphunzitsi wa pasukulu yapulaimale kapena wosewera wakale amene bondo lidamuvuta. FAM imachititsa maphunziro a aphunzitsi a mpira m'magawo osiyanasiyana, kuyambira oyamba kumene kufikira ziphaso za bungwe la CAF, ndipo matimu a m'ligi yaikulu saloledwa kulemba mphunzitsi wopanda chiphaso choyenera. Amene amathandiza mabonanza akadapatulako kangachepe n'kutumiza mphunzitsi mmodzi wa m'dera kumaphunziro otere, phindu lake likadaposa la mbuzi yomwe imadyedwa tsiku limodzi.

Kwa makolo, nkhani ya Chimodzi ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi yoti mwana wodekha, womvera komanso wotha kulangiza anzake ali ndi malo mumpira ngakhale asamamwetse zigoli, ndipo osewera otere ndiwo amakhalitsa. Yachiwiri ndi yoti mpira si ntchito yodalirika kotheratu. Ngati munthu amene adatumikira dziko masewero 159 adachoka pampando kaamba ka masewero amodzi, ndiye kuti mwana aliyense wokonda mpira ayenera kugwiritsanso sukulu. Ngakhale uphunzitsi wa mpirawo masiku ano umafuna munthu wotha kuwerenga, kulemba ndi kukhoza mayeso.

Padutsa zaka zoposa 30 chisiyireni Chimodzi kusewerera Flames, koma chiwerengero chake cha masewero 159 palibe amene wachifikira.